Kulemba Zimene Maso Aona

Nkhani imene ophunzira za ulimi a ku Cuamba anakamba ndi magulu a sukulu ya akulu a ku Mandimba ndi ku Ngauma

 

Ife ndife ana anu. Ena a ife tinabadwira ku Mandimba, ena ku Massangulo, ena ku Cuamba komweko. Tikuphunzira za ulimi pa sukulu ya ukachenjede imene Universidade Católica de Moçambique inatsegula ku Cuamba mu 1999. Aphunzitsi anu atipempha kuti tikuuzeni zimene timaphunzira kumeneko. Zilipo zambiri: za nthaka, za tizilombo, za ziweto, za masamu. Koma ife tasankhapo phunziro limodzi lokha, chifukwa ndi mbale wake wa phunziro lanu. Phunziro limeneli ndi la kulemba.

Mwina mukudabwa. Munthu wafika ku yunivesite, akaphunzirenso kulemba? Inde. Inu mukuphunzira kuumba zilembo ndi kulumikiza mawu. Ife tikuphunzira kulemba zimene taona m'munda, kotero kuti munthu amene kunalibe amve bwino, ndipo akafuna akayese yekha. Kumeneko ndiko kulemba kwa sayansi. Tabwera kudzakuuzani mmene kulemba kwathu kwakulira, pakuti zambiri mwa izo mungathe kuzichita ndi pensulo imene muli nayoyo.

Wophunzira akangofika kumene amalemba monga tonse timalankhulira pabwalo. Amati: "Mvula inagwa yambiri ndipo chimanga chinakula bwino." Pocheza mawu amenewa ndi okoma. Koma pepala limabwerera kwa mwini wake litadzaza mafunso m'mbali. Inagwa tsiku liti? Inagwa kuti? Yambiriyo ndi yochuluka bwanji? Chinakula bwino poyerekeza ndi chiti? Anayeza ndani, ndipo anayeza ndi chiyani?

Chaka chathu choyamba chinathera pa mafunso amenewa. Pang'ono ndi pang'ono mawu akuti "yambiri," "msanga," "kalekale" ndi "bwino" anayamba kuchepa m'makope athu. M'malo mwake munalowa tsiku, malo ndi muyeso.

Titenge mvula. Mvula imayezedwa ndi mamilimita, timizere tating'ono tija ta pa rula ya mwana wa sukulu. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi imene yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kuyeza kwake nkosavuta. Pezani chitini chowongoka, chimene pakamwa pake ndi pansi pake mpofanana kukula. Chiikeni pa mtengo wozika pa malo a mtetete, kutali ndi denga ndi mitengo. Mmawa uliwonse lowetsani rula, werengani pamene madzi alekeza, lembani, tayani madziwo. Tsono m'malo moti "inagwa yambiri," mudzalemba monga chonchi: "Pa 12 Disembala, kumunda wa kudambo, mamilimita 30." Munthu wa ku Mitande ndi munthu wa ku Itepela akawerenga mzere umenewu amva chinthu chimodzi. Sangakangane.

Chachiwiri chimene tinaphunzira ndicho chinatitengera nthawi yaitali. Ndicho kusiyanitsa chimene waona ndi chimene ukuganiza.

Mafumu athu akuchidziwa kale chimenechi. Pa mlandu, mboni ikanena kuti "ndinamva kuti mbuzi inadya chimanga," mfumu imafunsa kuti, "Kodi unaiona ndi maso ako?" Mboni yoona ndi mboni yongomva sizilemera mofanana. Pa pepala la sayansi ndi chimodzimodzi. Wolemba amakhala mboni, ndipo wowerenga amakhala mfumu.

Taonani chiganizo ichi: "Chimanga chachita chikasu chifukwa chosowa feteleza." Muli zinthu ziwiri mmenemo. Chikasucho maso aona. Koma kusowa kwa feteleza maso sanaone, ndi mutu umene waganiza. Mwina nzoona, mwina ayi. Chimanga chosowa chakudya cha nayitirojeni chimayamba chikasu pa masamba a pansi, kuchokera kunsonga kwa tsamba kutsata msempha wa pakati. Chimanga choima m'madzi masiku ambiri nachonso chimachita chikasu. Chinanso chimafooka ndi kupinimbira chifukwa cha kaufiti.

Kaufiti tiyeni timukambe pang'ono, chifukwa amasonyeza bwino mmene maso angatinamizire. Njere zake nzazing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10. Zimadzuka zikamva timadzi totuluka ku mizu ya chimanga kapena ya mapira. Zikamera zimadziphatika ku muzuwo ndi kuyamba kuyamwa. Pamene timaluwa tofiira tija tikuonekera pamwamba, chimanga chinayamba kale kuyamwidwa pansi. Mlimi amene walemba kuti "chasowa feteleza" amapita kukagula feteleza ndipo amaganiza kuti wathana nalo vuto. Chaka chamawa kaufiti wachuluka. Mlimi amene walemba kuti "chimanga chapinimbira kumbali ya kumadzulo, pa malo pamene chaka chatha panali timaluwa tofiira" wapeza mdani weniweni. Adzazula kaufitiyo asanabale njere. Adzathira manyowa. Chaka chinacho adzabzalapo soya kapena thonje, mbewu zimene zimadzutsa njere za kaufiti koma sizimuyamwitsa, motero amamera nkufa.

Nchifukwa chake lipoti lathu limakhala ndi zigawo. Poyamba timalemba funso limene tikufuna kuyankha. Kenaka timalemba njira imene tinatsata, mwatsatanetsatane, kuti wina aibwereze. Kenaka zimene tinapeza, popanda kuthirapo mchere. Maganizo athu amabwera pambuyo, paokha, ndipo amayamba ndi mawu onga "tikuganiza kuti" kapena "zikuoneka ngati." Poyamba mawu amenewa ankamveka ngati a munthu wamantha. Tsopano tikamva munthu akunena motsimikiza za chinthu chimene sanayeze, ndi pamene timachita mantha.

Chinanso ndi kuyerekeza. Wina akakuuzani kuti mbewu yakutiyakuti imabereka kwambiri, mufunseni kuti, kuposa iti? Kuti mudziwe nokha, dulani kachigawo ka munda pawiri. Bzalani tsiku limodzi, palirani tsiku limodzi, thirani manyowa ofanana. Chinthu chosiyana chikhale chimodzi chokha, ndicho mbewuyo. Mukasintha mbewu, nimusinthanso feteleza ndi tsiku lobzala, pokolola simudziwa woti mumuthokoze.

Chenjeraninso ndi chulu. Mizere ya pafupi ndi chulu, kapena ya pamene panali khola, imachita bwino ndi mbewu ina iliyonse. Nchifukwa chake kusukulu satilola kuyesa pa malo amodzi okha. Timabwereza pa malo atatu kapena anayi. Inu muli ndi mwayi woposa ife, pakuti muli ambiri. Anthu 10 a m'gulu lino akayesa chinthu chimodzi m'minda 10, nalemba, ndiye kuti mudzi uno wachita kafukufuku. Ndipo cholephera chilembedwenso. Mbewu imene yakanika ikalembedwa, mnzanu sadzataya ndalama yake pa iyo. Anthu ambiri amakonda kukamba za chaka chimene nkhokwe inadzaza, za chaka chimene anagwa nayo amangoti zii. Kope lisakhale lotero.

Pali munthu wina amene nkhani yake timaiphunzira chaka choyamba. Dzina lake ndi Gregor Mendel. Anali wansembe mumzinda wa Brno, m'dziko limene lero likutchedwa Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ankabzala nsawawa, zija ena amati kabaifa, m'kadimba ka kuseri kwa nyumba ya ansembe. Anatenga mungu wa nsawawa zazitali nauika pa maluwa a nsawawa zazifupi. Ana onse anatuluka aatali. Anabzalanso njere za anawo. Pa zidzukulu 1,064 zimene zinamera, 787 zinali zazitali ndipo 277 zinali zazifupi. Ndiye kuti pa zinayi zilizonse, zitatu zazitali, imodzi yaifupi. Ufupi uja sunafe, unangobisala.

Alimi ambiri Mendel asanabadwe anaziona zoterezi m'minda yawo. Iye anawerenga mbewu imodziimodzi nalemba, kusiyana kwake kunali kumeneko. Anasindikiza zimene anapeza mu 1866, koma anthu sanazilabadire. Anamwalira mu 1884. Mu 1900 akatswiri atatu anapeza zofanana, ndipo pofufuza m'mabuku anapeza kuti wansembe uja anazilemba kale zaka 34 zapitazo. Akanangozikamba pakamwa, bwenzi zitapita naye kumanda.

Nanga za nsawawa za ku Ulaya zitikhudza bwanji ife a ku Niassa? Zikutikhudza m'nkhokwe momwe. Chimanga cha haibulidi chimene mumagula m'sitolo ndi ana oyamba aja. Nchifukwa chake chimakula mofanana ngati asilikali pa pelete. Mukatenga mbewu m'nkhokwe nkubzalanso, mwabzala zidzukulu. Zobisika zija zimatuluka: china chachitali, china chachifupi, china chochedwa, ndipo zokolola zimatsika. Sikuti wina wakulodzani ayi. Mitundu ina imene si haibulidi, monga Matuba, mungathe kuibzala mobwereza zaka zingapo mukasankha bwino mbewu yake. Tsono lembani dzina la mbewu imene mwagula ndi chaka chake, kuti mudziwe imene ingabwerezedwe.

Musanabzale mungathenso kuiyesa mbewuyo. Werengani njere 100, ziikeni pa chiguduli chonyowa, pindani, sungani pamthunzi, muzinyowetsa tsiku ndi tsiku. Pakatha masiku 7 werengani zimene zamera. Zikamera 90 kapena kuposa, mbewuyo njabwino. Zikamera 50 zokha, mwadziwa mvula isanagwe, nthawi yofuna ina ikadalipo.

Tikudziwa kuti ena mumtima mukuti: makolo athu analima osalemba, nanga anafa ndi njala? Funso limeneli nlabwino. Makolo ankadziwa zambiri, ndipo ife zambiri timazimva kwa inu. Mumadziwa dothi poligwira m'manja. Mumadziwa mphepo yobweretsa mvula. Zimenezi sitikuzinyoza. Koma mutu wa munthu uli ndi khalidwe lake: umasunga zodabwitsa, zamasiku onse umataya. Tonse tikukumbukira madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Tonse tikukumbukira ng'amba ya Febuluwale 2024. Koma ndani angatiuze tsiku limene mvula yobzalira inagwa mu 2019? Tikafunsa anthu asanu timva masiku asanu. Kope likanatiuza limodzi.

Komanso kwabwera zinthu zimene makolo sanazione. Ntchemberezandonda za mtundu watsopano zija zinachokera ku America. Zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo mu 2017 zinali zitalowa m'minda ya dziko lathu lino. Kapuchi tinkamudziwa, koma izi zinali zachilendo kwa agogo ndi kwa mdzukulu yemwe. Mayi wake ndi gulugufe wouluka usiku, amene amaikira mazira 100 kapena 200 pamalo amodzi pa tsamba. Nyengo yotentha, kuchokera pa dzira kufika pa gulugufe wina pamangopita mwezi umodzi. Mbozi yake imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. Onani phindu lake la kudziwa zilembo: ngakhale mbozi yanyamula chilembo pamutu!

Pa mbozi zimenezi tinaphunzira kuwerenga tisanapope mankhwala. Umalowa m'munda nuyenda mokhotakhota ngati chilembo cha W. Umaima malo 5. Pa malo alionse umayang'ana mapesi 10, mumtima mwa chimanga mmene mumatuluka masamba atsopano. Ukaona timabowo tatsopano, kapena ndowe zonga utuchi, umalemba. Mapesi onse akwana 50. Ntchito imeneyi siifuna liwiro. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ukamachita zimenezi sabata ndi sabata umadziwa ngati mbozi zikuchuluka kapena zikuchepa. Tsono popita kwa mlangizi simunena kuti "mbozi zandithera chimanga." Mumati, "Sabata yatha mapesi 4 mwa 50, lero 12 mwa 50, chimanga chafika m'mawondo." Mlangizi akamva choncho amadziwa chokuuzani. Mankhwala ndi odula, ndiponso ndi poizoni. Sayenera kupopedwa chifukwa cha mantha okha.

Kusukulu pepala silipita kwa mphunzitsi mnzako asanaliwerenge. Timasinthana makope. Mnzako amalemba m'mbali kuti "pano sindinamve," "nambala iyi yachokera kuti?" Masiku oyamba zimawawa, chifukwa munthu amakonda zolemba zake ngati mwana wake. Koma mutu umodzi susenza denga. Lipoti limodzi timalilemba katatu kapena kanayi lisanafike poti nkuonetsa anthu. Tsono inu amene mumachita manyazi mukafufuta mawu m'kope, lekani manyaziwo. Makope athu ndi ofufutidwa kuposa anu.

Tinenepo za chilankhulo. Ku yunivesite timalemba m'Chipwitikizi, pamene kunyumba ena timalankhula Chiyao, ena Chimakuwa, ena Chinyanja. Mbewu imodzi yomweyo ili ndi maina ambiri: chimanga, imanga, nakhuwo, milho. Kuti anthu a maiko onse amvane, katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anakhazikitsa mu 1753 njira yopatsa chomera chilichonse dzina la mawu awiri a Chilatini. Chimanga ndi Zea mays. Kaufiti wa maluwa ofiira ndi Striga asiatica. Maina amenewa ali ndi ntchito yake. Koma alinso ndi msampha: munthu angathe kuunjika mawu akuluakulu pa pepala osadziwa chimene akunena. Mankhwala ake tinawapeza. Tikamaliza lipoti timayesa kulifotokoza kwa amayi kapena agogo m'chilankhulo cha kwathu. Pamene lilime lakodwa, pamenepo ndi pamene sitinamvetse, ndipo timabwerera kukawerenganso. Choncho musaganize kuti sayansi imamva Chipwitikizi chokha. Tsiku, malo ndi muyeso zimalembeka m'Chinyanja bwino lomwe.

Ambiri a inu sukulu inakudutsani, osati chifukwa cha ulesi. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu 93 mwa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu 1978 boma linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akulu m'dziko lonse. Koma nkhondo inatseka masukulu ambiri, ndipo mabanja ochuluka a kuno anathawira ku Mangochi ndi ku Machinga mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pa kalembera wa 2017, anthu akulu 39 mwa 100 anali asanadziwebe kulemba, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi a kumidzi. Amayi amenewa ndiwo amabzala, kupalira ndi kusunga mbewu. Ndiwo amaona zambiri m'munda. Zimene amaona zikayamba kulembedwa, ife a ku yunivesite tidzakhala ndi zowerenga zimene sizili m'buku lililonse.

Kope limeneli lidzakuthandizaninso pa malonda. Amene mumalima thonje kapena fodya mumalandira mbewu, mankhwala ndi feteleza pa ngongole, ndipo ngongoleyo imadulidwa pogulitsa. Lembani tsiku lomwelo chimene mwalandira, kuchuluka kwake ndi mtengo umene mwauzidwa. Pakati pa Novembala ndi Juni pali miyezi yambiri, ndipo pa tsiku logulitsa amene ali ndi pepala ndiye amamvedwa. Amene mumagulitsa chimanga, soya ndi nandolo kwa ogula a m'mbali mwa msewu wa Cuamba ndi Lichinga, kapena pa chipata cha ku Chiponde, kumbukirani kanthu aka: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tengani chigubu cha malita 5, chidzazeni madzi mpaka pa muyeso wake, chikolekeni pa sikelo. Sikelo yolungama isonyeza makilogalamu 5 ndi kakang'ono ka chigubucho. Ikasonyeza 4, dziwani kuti pa makilogalamu 5 alionse a chimanga chanu, imodzi ikupita ulele. Pa thumba la makilogalamu 50 ndiye kuti 10 apita. Yesani poyera, mwaulemu, anzanu akuona, ndipo lembani.

Tsono tiyambe bwanji? Gulani kope limodzi la munda, losiyana ndi la sukulu. Pa tsamba loyamba lembani dzina lanu, mudzi wanu ndi chaka. Jambulani munda wanu: pamene pali chulu, pamene pamaima madzi, pamene panamera kaufiti. Masamba otsatira agaweni pawiri ndi mzere wotsika. Kumanzere lembani pamwamba kuti "Ndaona." Kumanja lembani kuti "Ndikuganiza." Mzere uliwonse uyambe ndi tsiku. Amene zilembo zikadakuvutani, yambani ndi manambala ndi zithunzi, mawu adzabwera. Mwana wa sukulu angakuthandizeni, koma pensulo igwireni nokha.

Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imayenderera ikanyowa. Kopelo lisungeni m'jumbo ya pulasitiki, pamalo pamene chiswe ndi ana aang'ono safika. Lachisanu lililonse bwerani nalo ku sukulu kuno, ndipo awiri kapena atatu awerengere gulu zimene alemba sabata imeneyo. Enanu funsani mafunso aja: liti, kuti, zingati, poyerekeza ndi chiti.

Ife tibwerera ku Cuamba mawa. Tidzabweranso mwezi wa Juni, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Tidzatenga makope athu, inunso mudzatenge anu, kuti tidzaike mvula ya ku Mandimba, ya ku Massangulo ndi ya ku Cuamba pa bolodi limodzi.